Mbiri ya Gombe la Mafupa

Kumwera ca kumadzulo kwa Africa kuli dziko lochedwa Namibia, limene kale linkachedwa South West Africa. Dziko limeneli lacita malire ndi nyanja yaikulu yamcere ya Atlantic. Gombe lace ndi lotalika mailosi pafupi-fupi 1,000, kuyambira pa mtsinje wa Orange kumwera kufikira pa mtsinje wa Kunene kumpoto. Utali umenewu uposa utali wa Nyanja ya Malawi kawiri ndi theka. Koma pa gombe lonseli pali mizinda yowerengeka cabe, monga Lüderitz, Walvis Bay, Swakopmund ndi Henties Bay. Kwina konseko ndi mcenga, miyala ndi mphepo.

Masiku ano anthu amacokera kutali kudzamanga mahema pa gombe limeneli. Ena amadzawedza nsomba mwa masewera, ndipo ena amadzathamanga pamadzi mokokedwa ndi kaiti. Munthu wongoona zimenezi angayese kuti malowa anali a cisangalalo ciyambire. Sizinali conco. Kabuku kano kafotokoza za anthu amene anakhalako, amene anaferako, ndi m'mene malo oopsa anasandukira bwalo la masewera.

Cifukwa Cace Gombeli ndi Louma

M'nyanja yamcere muli madzi oyenda ngati mitsinje. Umodzi wa mitsinje yotere uchedwa Benguela, ndipo umayenda m'mbali mwa gombeli kulowera kumpoto. Mphepo yamphamvu yocokera kumwera imakankha madzi a pamwamba kunka nao kutali ndi mtunda, ndipo m'malo mwace mumakwera madzi ozizira ocokera pansi pa nyanja.

Madzi ozizirawa abala zinthu zitatu. Coyamba, mvula sigwa, pakuti madzi ozizira sapereka nthunzi yokwanira kupanga mitambo ya mvula. Malo ambiri a pa gombeli salandira ngakhale inchi imodzi ya mvula pa caka, ndipo ncifukwa cace pali cipululu ca Namib. Caciwiri, m'mawa mwambiri mumagwa nkhungu yoti bii, yakuti woyendetsa combo saona kumene akupita. Cacitatu, madzi ocokera pansiwo amadza ndi cakudya ca tizilombo ting'ono-ting'ono ta m'madzi, timene nsomba zimadya. Cotero nyanja ya kumeneko ndi imodzi ya nyanja zolemera nsomba koposa pa dziko lonse, cikhalireco mtunda wace ndi wosauka madzi.

Eni Ace Oyamba

Ngakhale dzikoli linali louma, silinali lopanda anthu. Ofufuza za makedzana apeza miulu ya zigoba za nkhono za m'nyanja, mapale ndi mikanda m'malo ambiri. Izi zisonyeza kuti anthu anakhalako zaka mazana ambiri Azungu asanafike.

Kumatsiriro kwa mtsinje wa Kuiseb, pafupi ndi Walvis Bay, kunkakhala anthu ochedwa Topnaar, amene ali nthambi ya mtundu wa Nama. Mtsinje wa Kuiseb ndi wouma pamwamba nthawi zambiri, koma pansi pa mcenga pamayenda madzi. Anthuwa ankafukula zitsime mumcengamo, naweta ziweto zao. Ankagwiranso nsomba m'madzi osaya ndi kutola nkhono m'miyala. Cakudya cao cacikulu cinali cipatso caminga cochedwa nara, cofanana ndi kavwende, cimene mizu yace imatsika kutali kufuna madzi. Kwa iwo kusodza sikunali masewera ai, kunali moyo. Zidzukulu zao zikali kukhala m'mbali mwa Kuiseb kufikira lero.

Alendo a m'Zombo

M'caka ca 1486 Mpwitikizi wina dzina lace Diogo Cão anafika pa gombeli ndi zombo zamathanga. Iye anaimika mwala wokhala ndi mtanda pamwamba pace, pa malo amene tsopano achedwa Cape Cross. Mu 1488 mnzace Bartolomeu Dias anaimika mwala wina kumwera, pafupi ndi doko limene Apwitikizi analicha Angra Pequena. Koma Apwitikiziwo sanakhazikike. Anaona mcenga wokha-wokha, wopanda madzi ndi mitengo, napitirira ulendo wao wofuna njira ya ku India.

Patapita zaka pafupi-fupi 300 kunayamba kufika zombo za alenje a anamgumi, zocokera ku America ndi ku Ulaya. Iwo ankapha zinsomba zazikuluzi cifukwa ca mafuta ace, nasiya mafupa ali mbwee pamcenga. Dzina lakuti Walvis Bay litanthauza doko la anamgumi.

Pambuyo pace kunadza ofuna zitosi za mbalame. Pa kacilumba ka Ichaboe mbalame za m'nyanja zinaunjika zitosi kwa zaka zosawerengeka, ndipo alimi a ku England anazifuna ngati manyowa a m'munda. Pakati pa 1843 ndi 1845 zombo zinathamangira kumeneko, kotero kuti nthawi ina panaima zombo zoposa 400 pamodzi. M'zaka zocepazo anakokolola matani pafupi-fupi 300,000 mpaka panatsala thanthwe lokha. Ici cinali ciyambi ca khalidwe limene linabwerezedwa kawiri-kawiri pa gombeli: mlendo kufika, kutenga zonse, ndi kucoka.

Mailosi a Cinyengo

Angerezi anatenga Walvis Bay mu 1878, popeza ndilo linali doko labwino koposa. Mu 1883 munthu wamalonda wa ku Bremen, ku Germany, dzina lace Adolf Lüderitz, anatuma mnyamata wace Heinrich Vogelsang kukagula malo. Vogelsang anapangana ndi mfumu ya Anama ya ku Bethanie, Josef Frederiks. Poyamba anagula doko la Angra Pequena ndi mapaundi 100 ndi mfuti 200. Patapita miyezi yocepa anagulanso cigawo ca gombe kuyambira pa mtsinje wa Orange kunka kumpoto, ndi kulowa kumtunda mailosi 20, pa mtengo wa mapaundi 500 ndi mfuti 60.

Apa ndipo panabisala cinyengo. Mfumuyo inkadziwa mailo ya Angerezi. Koma m'kalata ya panganolo munalembedwa mailo ina ya Ajeremani, imene ndi yotalika koposa kanai. Cotero mfumu inataya gawo lalikulu la dziko la anthu ace mosadziwa. Anthu akale anati, cosadziwa ndi nkhondo, adausa nkhondo padziwe. Munthu amene sadziwa zolembedwa pa pepala limene aikapo dzanja lace ali pa ngozi yoposa ya munthu woyenda usiku m'nkhalango.

Mu 1884 boma la Germany linalengeza kuti dzikolo lili m'manja mwace. Lüderitz mwini wace sanadye cuma cimene anacifuna, pakuti anatayika m'nyanja mu 1886 pafupi ndi matsiriro a mtsinje wa Orange. Doko lija linapatsidwa dzina lace. Mu 1892 Ajeremani anamanga mzinda wa Swakopmund kuti akhale ndi doko lao-lao.

Cilumba ca Imfa

Mu 1904 Aherero anaukira Ajeremani cifukwa ca kulandidwa dziko ndi ng'ombe, ndipo kumapeto kwa caka comweco Anama anacita cimodzi-modzi. Mkulu wa nkhondo Lothar von Trotha analamula kuti Aherero aphedwe kapena apitikitsidwe m'dzikomo. Anthu zikwi zambiri anafa ndi ludzu m'cipululu. Otsala anagwidwa, naikidwa m'misasa ya ukaidi.

Msasa woopsa koposa unali pa Shark Island, kacilumba kamiyala ka pa doko la Lüderitz. Kuyambira 1905 kufikira 1907 amuna, akazi ndi ana anasungidwa pamenepo, popanda nyumba zeni-zeni ndi zofunda zokwanira. Mphepo yozizira ya m'nyanja inkawaomba usana ndi usiku. Cakudya cinali cocepa, ndipo amene anali ndi mphamvu ankagwiritsidwa nchito ya thangata pa doko ndi pa njanje. Mwa Anama pafupi-fupi 1,800 amene anatengeredwa kumeneko mu 1906, oposa 1,000 anali atafa pofika April 1907. Mmodzi wa iwo anali mtsogoleri wao Cornelius Frederiks.

Nkhani imeneyi iyenera kukumbukika, pakuti patapita zaka malo omwewo anasandutsidwa msasa wa alendo ocita chuthi. Kwa zaka zambiri anthu ankakhoma mahema ndi kuocha nyama pa miyala yomwe ija, ambiri osadziwa cimene cinacitikapo. Mu 2019 boma la Namibia linalengeza kuti Shark Island ndi malo a cikumbutso ca dziko. Mu 2021 boma la Germany linavomera kuti zimene zinacitika zija zinali kupululutsa mtundu wa anthu, ngakhale atsogoleri ambiri a Aherero ndi Anama anakana pangano la ndalama limene maboma awiriwo anagwirizana, ponena kuti iwo sanafunsidwe mokwanira.

Diamondi ndi Zombo Zosweka

Mu April 1908 munthu wakuda wogwira nchito pa njanje, Zacharias Lewala, anatola kamwala konyezimira pafupi ndi Lüderitz, nakapereka kwa kapitao wace August Stauch. Kamwalako kanali diamondi. M'caka comweco Ajeremani anatseka cigawo cacikulu ca gombe la kumwera, naletsa munthu ali yense kulowamo wopanda cilolezo. Pa Kolmanskop panamangidwa mudzi wa anthu olemera, koma diamondi atacepa anthu anasamuka, ndipo pofika zaka za m'ma 1950 unasanduka bwinja. Lero mcenga wadzaza m'zipinda zace.

Zombo nazo zinapitirira kusweka cifukwa ca nkhungu ndi mafunde. Mu 1909 combo cochedwa Eduard Bohlen cinatitimira mumcenga pa Conception Bay. Popeza mcenga wakhala ukukankha nyanja pang'ono-pang'ono, cigoba cace tsopano cili pamtunda, kutali ndi madzi.

Ngozi yochuka koposa inacitika pa 29 November 1942, pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Combo ca Angerezi cochedwa Dunedin Star, cokhala ndi anthu 106, cinatsakamira kumwera kwa mtsinje wa Kunene. Anthu 63, pamodzi ndi akazi ndi makanda, anafika pamtunda popanda mthunzi ndi madzi okwanira. Otsalawo anapulumutsidwa ndi zombo zina. Sitima yaing'ono imene inatumidwa kukathandiza inasweka pobwerera, ndipo anthu ace awiri anamira. Ndege ina imene inatera kuti iwatenge inatitimira mumcenga. Potsiriza magalimoto anaboola cipululu kucokera ku Windhoek, ndipo anthu onse a m'combo cija anapulumuka. Mu 1944 John Henry Marsh analemba buku la nkhaniyi lochedwa Skeleton Coast, ndiko kunena Gombe la Mafupa. Dzinali linafala, maka-maka ponena za cigawo ca kumpoto.

Ciyambi ca Misasa ya Owedza

Asilikali a South Africa analanda dzikoli kwa Ajeremani mu 1915, ndipo South Africa analilamulira zaka 75. M'nthawi imeneyi ndi m'mene gombeli linayamba kukhala malo opumulirako. Mwezi wa December kumtunda kumatentha kwambiri, koma kugombe kumakhala kozizira. Tsono alimi acizungu anazolowera kutsikira kunyanja ndi mabanja ao.

Mu 1929 munthu wina dzina lace Hentie van der Merwe anapeza kasupe wa madzi abwino pafupi ndi matsiriro a mtsinje wa Omaruru. Anaonanso kuti nsomba zinali zoculuka pamenepo. Iye anayamba kubwerako caka ndi caka, namanga kanyumba ka matabwa, ndipo anzace anamtsata. Umu ndi m'mene unayambira mzinda wa Henties Bay. Miseu ya m'mbali mwa nyanja inapangidwa ndi dothi lothiridwa madzi amcere, limene likauma limalimba ngati tara. Misasa ina inapatsidwa maina a utali wace kucokera ku Swakopmund, monga Mile 14, Mile 72 ndi Mile 108.

Mu 1971 boma linakhazikitsa Skeleton Coast Park, malo osungika otalika mailosi oposa 300, kuyambira pa mtsinje wa Ugab kufikira pa Kunene. M'katimo muli Terrace Bay ndi Torra Bay. Msasa wa Torra Bay unazolowereka kutsegulidwa m'miyezi ya December ndi January yokha, ndipo madzi akumwa amacita kubwera nao pa galimoto.

Kuwedza kwa pa gombeli nkosiyana ndi kwa asodzi a bwato. Munthu amaima pamcenga ndi ndodo yaitali kuposa msinkhu wace kawiri, naponya cingwe ca mbedza kuseri kwa mafunde. Nsomba zofunidwa koposa zichedwa kabeljou, steenbras ndi galjoen. Ena amawedza shaki, naiyesa kulemera kwace, naibwezanso m'madzi yamoyo.

Koma cisangalalo cimeneci sicinali ca onse. Pansi pa malamulo a tsankho a South Africa, malo a chuthi anali a Azungu. Anthu akuda ambiri ankafika kugombe ngati anchito a kontrakiti ocokera kumpoto, ku dziko la Aovambo, kudzagwira nchito m'mafakitale oika nsomba m'zitini ku Walvis Bay. Ankagona m'makomboni, osaloledwa kubwera ndi akazi ao kapena kusintha bwana. Mu December 1971 anchito a ku Walvis Bay ndi ku Windhoek ananyanyala nchito, ndipo zikwi zambiri m'dziko lonse zinawatsata. Namibia analandira ufulu pa 21 March 1990, ndipo Walvis Bay anabwezedwa mu 1994.

Nsomba Zicepa

Anthu ankayesa kuti nsomba za m'nyanja imeneyi sizingathe. M'madzimo munali kansomba kochedwa pilchard, koyenda m'magulu akulu ngati usipa. Mu 1968 zombo zinagwira matani pafupi-fupi 1,400,000 a nsomba imeneyi m'caka cimodzi. Pasanathe zaka 10 nsombayo inacepa koopsa, mafakitale ena anatsekedwa, ndipo anthu anacotsedwa nchito. Mbalame za m'nyanja zimene zinkadya kansombako zinacepanso. Mu 2018 boma linaletsa kugwira pilchard kuti iswanenso.

Dziko litalandira ufulu, boma linalengeza kuti nyanja yonse kufikira mailosi 200 a panyanja ndi ya Namibia, nilipitikitsa zombo zacilendo zakuba. Owedza a masewera naonso anaikidwa pansi pa lamulo. Malamulo a mu 2001 anati munthu ali yense wowedza akhale ndi cilolezo, asasunge nsomba za mitundu yofunika ija zoposa 10 pa tsiku, ndiponso abweze m'madzi kabeljou ali yense wosafika masentimita 40. Cifukwa cace ncodziwika kwa msodzi ali yense wa cambo: wopha nsomba isanaswe wapha ndi za mawa zomwe.

Pamtunda panalinso cina coononga. Magalimoto a alendo ankayenda pali ponse, napondereza ndere za m'cipululu zimene zimakula pang'ono-pang'ono, kotero kuti mkwaso wa galimoto umaoneka zaka makumi angapo. Ankaswanso mazira a kambalame kochedwa Damara tern, kamene kamaikira dzira limodzi lokha pa nthaka yoyera. Mu 2010 boma linakhazikitsa Dorob National Park pakati pa mitsinje ya Kuiseb ndi Ugab, niliika malire a malo oyendamo magalimoto.

Masewera a Kaiti

Kaiti ndi cinsalu couluka ndi mphepo, comangidwa ku zingwe zazitali. Nzeru yakuti kaiti ingakoke munthu si yatsopano. Mu 1826 mphunzitsi wina wa ku Bristol, ku England, George Pocock, anapanga ngolo yokokedwa ndi makaiti. Koma pamadzi panali vuto lakuti kaiti ikagwa inkamira. Mu 1984 abale awiri a ku France, Bruno ndi Dominique Legaignoux, anapanga kaiti yokhala ndi nthiti zopopedwa mpweya, imene imayandama ndi kuukanso. Kuyambira pamenepo masewerawa anafala. Wosewera amaima pa kathabwa, namanga zingwe ku lamba wa m'cuuno, naongolera kaiti ndi kamtengo kogwira ndi manja awiri.

Ofuna liwiro anafuna-funa malo okhala ndi mphepo yamphamvu koma madzi osalala. Anawapeza pa Lüderitz, kumene mphepo ya kumwera imaomba kolimba kumapeto kwa caka, kuposa mwera wa pa Nyanja ya Malawi. Mpikisano wochedwa Lüderitz Speed Challenge unayamba mu 2007. Liwiro amaliyesa pa mtunda wa mamita 500, ndi muyeso wa amalinyero wochedwa knot, umene upambana pang'ono mailo imodzi pa ora.

Mu October 2008 Sébastien Cattelan wa ku France anakhala munthu woyamba kupitirira ma knot 50 pamadzi ndi mphamvu ya mphepo yokha. Pambuyo pace anakumba ngalande yoongoka m'mbali mwa dambo la nyanja kuti madzi akhale osalala koposa. Mu October 2010 Rob Douglas wa ku America anafika ma knot 55.65, ndiwo mailosi 64 pa ora, liwiro la galimoto pa mseu wabwino. Mu November 2012 Paul Larsen wa ku Australia anaposa pamenepo ku Walvis Bay ndi bwato lathanga lochedwa Vestas Sailrocket 2, nafika ma knot 65.45. Mu 2024 mpikisano wa kaiti unalowa m'masewera a Olympic kwa nthawi yoyamba, ku Marseille m'dziko la France.

Mau Otsiriza

Mphepo ya pa gombeli sinasinthe. Imene inaswa zombo ndi kuzizira akaidi a pa Shark Island ndi yomweyo imene ikoka kaiti lero, pa doko limodzi-modzilo. Cimene casintha ndi anthu ndi malamulo ao. Alendo a masiku ano amabweretsa ndalama ndi nchito m'mizinda ya kugombe, ndipo ici ncabwino. Koma mbiri yaonetsa kuti anamgumi, zitosi za mbalame, diamondi wa Kolmanskop ndi pilchard zonse zinaoneka zosatha kufikira tsiku limene zinacepa.

Mu 1893 amalinyero a Germany anazula mwala uja wa Diogo Cão napita nao kwao. Mu 2019 unabwezedwa ku Namibia, patapita zaka 126. Mwala ungabwezedwe, koma anthu amene anafa ndi nsomba zimene zinatha sizibwezedwa ndi combo. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Amene amatsala ndi eni dziko, Atopnaar a ku Kuiseb, Anama, Aherero, ndi asodzi osauka a ku Henties Bay amene amawedza kuti ana ao adye. Iwo ndiwo adzakolola cabwino kapena coipa cimene mbadwo uno ufesa pa Gombe la Mafupa.